Mkaka wa a Bornwell

Sophie Mwango anabadwira kumigodi, ku Kopala, ndipo chinthu choyamba chimene anaphunzira za dziko lino n'chakuti fumbi limapha amuna. Atate ake ankalowa pansi kukakumba mkuwa. Poweruka ankabwera ndi mkaka wa kuntchito, ndipo mkakawo unali ndi malo akeake pamwamba pa kabati, pomwe dzanja la mwana silinkafika. Amayi ake ankati mkaka umatsuka fumbi m'chifuwa, choncho mwana woukhudza ndiye kuti akufuna kupha atate ake. Sophie sanaukhudzepo ngakhale ndi chala. Atate akewo anamwalirabe ndi chifuwa, ataonda mpaka malaya kumangolendewera, koma pamaliro palibe amene anakayikira mkaka. Anthu ankangoti ukadapanda mkakawo akadapita kalekale.

Nyumba imene ankakhala inali ya kuntchito, ndiye maliro atatha eni ake anaifuna. Banja linabalalika. Sophie anamutumiza ku Lusaka, kwa azakhali ake mu komboni ya George, ndipo ndi komweko kumene wakulira, kukwatiwa ndi kubereka. Sukulu sanapite nayo patali. Chimene anabwera nacho kuchokera kwawo ndi mawu oimbira, ndipo mawu amenewo anali osaseweretsa. Kutchalitchi ndiye ankayambitsa nyimbo. Kukagwa maliro m'komboni, amayi ankamukweza patsogolo pa lole, iye n'kuimba kuchokera pa nyumba ya siwa mpaka kumanda ku Chingwere, mopanda chokuzira mawu, a m'lole yam'mbuyo n'kumavomera bwinobwino. Anthu ankanena moseka kuti ukamwalira Sophie ali paulendo, uli ndi tsoka kawiri.

Mwamuna wake, a Bornwell Kapambwe, anawapezanso kutchalitchi komweko. Kuimba ndiye ayi, sankatha, ndipo akwaya anawapempha mwaulemu kuti azingowomba m'manja. Koma anali munthu wamphamvu, wonyamula mabenchi awiriawiri, wosachedwa kuseka. Atabereka mwana wawo wamkazi, Chishimba, mayina awo anasintha monga amachitira a kwawo: iye anakhala bana Chishimba, mwamuna wake bashi Chishimba.

A Bornwell ankagwira ntchito ku mafakitale, pa kampani ina yogaya miyala ya laimu n'kumalongedza ufa wake m'masaka. Ntchito yawo inali kusenza masaka odzaza n'kumakweza m'malole. Inali ntchito yoti aliyense woiona ankagwedeza mutu. Amuna ankapatsidwa ovolosi, jombo, masiki otseka pamphuno ndi pakamwa, ndipo poweruka aliyense ankalandira kapaketi ka mkaka. Tsiku loyamba limene a Bornwell anabwera ndi mkaka kunyumba, Sophie sanafunse funso. Anaupezera malo pamwamba pa kabati, n'kuuza Chishimba mawu omwewo amene iye anauzidwa ali mwana.

Chishimba atayamba sukulu, zofunika zinachuluka, ndipo a Bornwell anakalankhula ndi folomani wawo, a Dixon. Madzulo anabwera akumwetulira.

"Bana Chishimba, nakupezelani nchito ya ba madamu," anatero akuvula jombo. "Muzankala chabe pansi na nyeleti yosokela. Kulibe kunyamula, kulibe zuba, kulibe mashini yokudyani chala. Ngati ni kugona, muzagona."

Sophie anasangalala, ndipo Lamulungu lake anakapereka umboni kutchalitchi.

Ntchito ya amayi inali kuseri kwa kampani, m'shedi ya malata. Masaka ogwiritsidwa kale ntchito ankabwerera kuchokera kwa ogula, ndipo amayiwo ankawatembenuza, kuwakutumula, kusoka ong'ambika, n'kuwasanja kuti akalongedzedwenso. Akatha ankasesa pansi ndi tsache, pouma, ntchito imene iwo ankaitcha kupyanga. Shediyo inali ndi chitseko chimodzi, chimene chinkakhala chotseka. Zifukwa zake zinalipo ziwiri: masaka ankabedwa, komanso fumbi likatuluka linkakadetsa magalimoto a akuofesi amene ankaimikidwa pafupi. Amuna ankagwira ntchito panja, pansi pa denga lopanda makoma, pomwe mphepo inkadutsa mwaufulu. Koma palibe amene ankaziona choncho, chifukwa panjapo ndi pomwe panali chigayo, phokoso ndi thukuta.

Amayi sankapatsidwa ovolosi, masiki kapena mkaka. Papepala la kampani ntchito yawo inalembedwa kuti ndi yopepuka, ndipo nawonso ankaitchula choncho. Ankavala zitenje zawo zakale, n'kumanga duku pamphuno. Kukatentha dukuyo inkatsikira m'khosi, komanso nkhani sizikoma ndi nsalu pakamwa. Poweruka ankatuluka ali mbuu, nsidze ndi tsitsi zoyera ngati agwera m'thumba la ufa. Ankasekana, kupukutana kumaso ndi madzi a pampopi, n'kuthamangira minibasi.

Ngozi za amuna zinkaoneka. Wina lamba wa chigayo anam'dula chala, wina saka linam'gwera paphazi. Zikatero chigayo chinkazimitsidwa, anthu ankathamanga, magazi ankaoneka pasimenti, galimoto inkanyamuka kupita kuchipatala. Amayi ankasuzumira pachitseko cha shedi atagwira pamtima, aliyense akupempherera wake. Za kutsokomola kwa m'shedimo palibe amene anazimitsirapo chigayo. Munthu ankangotsokomola, kulavula pakona, n'kutola saka lina.

Panali mayi mmodzi yekha amene sankakhala chete, a Karen a ku Kanyama, wamasiye wamtali, wa pakamwa posatseka. Iwo ankatha kukutumula saka, fumbi n'kukwera mpaka kudenga, kenako n'kuloza ndi chala.

"Onani ka! Iyi dasiti iyenda kuti? Iziba kuti uyu ni mukazi, nimulambalale? Bamuna bamwa mukaka, ise timwa chani?"

Amayi ankaseka, chifukwa a Karen ankadandaula pa chilichonse, kuyambira mtengo wa minibasi mpaka maulaliki aatali. Koma Sophie zinkamukwiyitsa. Iye anali ataona ndi maso ake mmene fumbi limathera mwamuna.

"Ba Karen, musakambe vamene simuziba," ankawayankha. "Ine batate banafa na dasiti ya zoona, ya mu mugodi. Iyi yathu ni ya kupyanga chabe, monga ya pa nyumba. Siyani bamuna bamwe mukaka wao, ndiye bamene bavutika."

Ndipo ankachitadi zimene ankanenazo. A Bornwell akafika kunyumba, asanasambe n'komwe, Sophie ankawathirira mkaka m'kapu n'kuimirira pompo mpaka atamaliza. Akafuna kusiyirako mwana, ankawakalipira. Loweruka lililonse ankatenga ovolosi yawo, yolimba ndi laimu, n'kuikutumula kaye kuseri kwa nyumba asanaiviike, kuti asawononge madzi ambiri, poti madzi a ku George ndi ogula pa kiyosiki. Choncho fumbi la mwamuna wake la sabata yonse linkatheranso pamphuno pake. Iye ankangoti ndi ntchito ya mkazi, ndipo ankainyadira.

Zaka zinapita, Chishimba n'kufika ku sekondale. Chifuwa cha Sophie chinayamba mwakachetechete. Poyamba chinkabwera m'nyengo yozizira n'kupita. Kenako chinasiya kupita. Kusenza chigubu kuchokera pa kiyosiki, mtunda umene kale ankauyenda akucheza, tsopano ankatula panjira n'kumanamizira kukonza nkhata. Pokwera kamtunda kopita ku siteji ya minibasi m'chifuwa munkalira kamluzu. A Bornwell ankati ndi utsi wa mbaula, mwinanso fumbi la m'misewu ya m'komboni, pakuti mwezi wa Ogasiti ku George mphepo siisiya munthu.

"Nanga ku nchito mungadwale chani imwe?" ankatero mosaganiza zoipa. "Munkala pansi siku lonse. Ise bamene tili pa mashini ndise tifunika kukosomola."

Sophie ankavomereza, chifukwa nayenso ankaganiza chimodzimodzi.

Chimene chinamuopsa chinachitika pa lole. Kunagwa maliro a mkulu wina wa mpingo, ndipo monga mwa nthawi zonse anamukweza patsogolo. Anayambitsa nyimbo bwinobwino, amayi n'kuvomera. Pofika pa mzere wautali, uja ankaukoka mpaka anthu kumva tsembwe, mpweya unangotha. Pakamwa panali potsegula koma mawu osatuluka. Anayesanso, m'malo mwa nyimbo munatuluka chifuwa, chosaleka, mpaka anagwada n'kugwira chitsulo cha lole. Mtsikana wina wa kwaya anaitola nyimboyo kuti isagwe. Sophie anafika kumanda ali chete, ndipo anachita manyazi kuposa mantha.

M'komboni chifuwa chosatha chili ndi mayina awiri okha, ndipo anthu sanachedwe kuwatchula. Pa kiyosiki amayi ankatsitsa mawu iye akafika. Mnansi wina anayamba kuitana ana ake akamasewera pakhomo pa Sophie. Ena ankayang'ana a Bornwell ndi diso lofunsa kuti amayenda kuti akalandira. Zimenezi zinam'pweteka Sophie, ndipo anapita yekha ku kiliniki. Anamuyeza makhololo, TB sanaipeze. Anamuyeza magazi, anali bwino. Wachipatala, bambo wotopa amene panja pankamudikira mzere wautali, anamufunsa ngati amasuta. Anati ayi. Anamufunsa ngati amagwira ntchito pamalo a fumbi.

"Awe, ba dokota," anayankha Sophie ndi mtima wonse. "Ba dasiti ni bamuna banga, ndiye bali pa mashini. Ine nchito yanga ni yopepuka, nisoka chabe masaka."

Sananame, ananena zimene ankadziwa. Wachipatalayo anamulembera mankhwala a chifuwa wamba n'kumuuza kuti azifunda. Sophie anabwererako kangapo, ndipo nthawi iliyonse funso likabwera yankho linali lomwelo.

Tsiku lina masana a Lamulungu ali yekha m'nyumba, m'chifuwa mutathina, anaima kutsogolo kwa kabati n'kuyang'ana mkaka umene, mosiyana ndi masiku onse, a Bornwell anausiya dzulo lake. Anaganiza kuti mwina pang'ono pokha pangamasule m'chifuwamo. Dzanja linakwera mpaka kukhudza paketi. Kenako anakumbukira atate ake ali pamphasa, ndipo anabweza dzanjalo ngati wagwira mbaula. Anamwa madzi otentha a mandimu, mkakawo n'kuwathirira eni ake atabwera.

Zinthu zinatembenuka chifukwa cha msana wa a Bornwell. M'mawa wina akukweza saka m'lole, china chake chinaduka m'chiuno, ndipo anagwa pomwepo osatha kudzuka. Chigayo chinazimitsidwa, galimoto inanyamuka, zonse monga mwa mwambo. Anagona kunyumba masabata angapo, Sophie akuwathowa ndi madzi otentha, kuwatembenuza, kuwaperekeza kuchimbudzi, uku iye mwini akupuma modukiza. Atayamba kuyenda anabwerera kuntchito ndi kalata yakuchipatala yoti asanyamule zolemera. A Dixon anaiwerenga, kukanda m'mutu, n'kupeza nzeru.

"Ba Kapambwe, muzayamba mwasebenza ku masaka na bazimai. Ni nchito yopepuka, musana uzapumula. Masiki bwezani ku sitolo, kuja siifunika. Na mukaka tayamba taimika, ni wa ba pa mashini."

Kwa mwamuna wosenza masaka panalibe chipongwe choposa chimenechi. Anzawo anawaperekeza ndi mluzu, wina akufuula kuti awagulire chitenje, wina akuti asaiwale kumeta ndevu. A Bornwell anaseka nawo, poti akanatani, ndipo analowa m'shedi akuseka. A Karen anawalandira ndi manja awiri.

"Mwabwela ku holide, bashi Chishimba? Nkalani apa pafupi na ba madamu banu. Tengani duku iyi mumange pa mpuno."

"Ine duku? Awe, ba Karen. Nasebenza pa mashini zaka zonse izi, niyope ka dasiti ka mu saka?"

Chitseko chinatsekedwa, ntchito n'kuyamba. Amayi anatembenuza masaka, n'kuyamba kukutumula onse pamodzi. Kuwala kolowera m'mabowo a malata kunasanduka mizere yoyera, ndipo posakhalitsa munthu wa kukhoma lina sankaoneka bwino. Sophie ankawayang'ana amuna ake chamseri. Anaona nthabwala zikuchepa. Anaona akupukuta m'maso, kenako akuyetsemula, kenako akutsokomola chifuwa chenicheni chochokera pansi. Dzuwa lisanafike pamutu a Bornwell anadzuka, kulavula pakona, n'kuyang'anitsitsa malovu awo, amene anali oyera ngati phala. Anapita kukakankha chitseko n'kuima pakhomo akukoka mpweya.

A Dixon anatulukira msangamsanga. "Ba Kapambwe, chiseko icho! Mamotoka ya ba bwana yazayela."

"Ba folomani, ngenani muone. Muno mulibe mpepo. Pa mashini pali bwino kupambana muno."

"Bazimai basebenza muno zaka na zaka, sibanadandaulepo."

"Nadandaula mpaka pakamwa pauma!" anafuula a Karen m'katimo. A Dixon anachita ngati sanamve, n'kutseka chitseko ndi dzanja lawo.

A Bornwell anabwerera pamalo pawo. Duku ija anaitola okha n'kumanga, ndipo palibe amene anaseka. Atakhala pansi anayamba kuyang'ana mkazi wawo, mwina koyamba chikwatirane kumuyang'ana akugwira ntchito. Sophie anatola saka, kulitembenuza, kulikutumula kawiri, n'kuima. Anatsamira khoma ndi dzanja limodzi, mapewa akukwera ndi kutsika, kamluzu kaja kakumveka. Mpweya utabwerera anatola saka lina. Mwa amayi onse palibe amene anadzutsa mutu, chifukwa zinali za masiku onse, ndipo enanso awiri ankachita chimodzimodzi.

"Ni so masiku yonse?" anafunsa a Bornwell motsitsa mawu.

"Lelo kuli bwino," anayankha a Karen. "Sitinayambe kupyanga."

Poweruka amuna anafola pa sitolo kulandira mkaka, a Bornwell n'kudutsa mutu uli pansi, chimanjamanja. Awiriwo anakwera minibasi. Atatsika, akuyenda pang'onopang'ono, wina chifukwa cha msana wina chifukwa cha chifuwa, Sophie ndiye anayamba kulankhula, ndipo nkhawa yake inali yeniyeni.

"Manje bashi Chishimba, mukaka bakuchoselani, na mwakosomola maningi lelo. Nizayamba kukugulilani wa mu shopu. Chifuba chanu chingaonongeke."

A Bornwell anaima pakati pa njira. Anamuyang'ana mkazi wawo, nsidze zake zikadali zoyera, ndipo misozi inalengeza m'maso mwa munthu wamkulu, anthu akudutsa.

"Chifuba changa? Ine nankalamo siku imozi chabe. Imwe mwankalamo kuchokela Chishimba ali mu giledi yoyamba. Ndine ninakupelekani muja, ati nchito ya ba madamu." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Mailo sitiyenda ku nchito. Tiyenda ku chipatala chikulu."

Sophie anatsutsa, ponena kuti kujomba kudula malipiro, koma m'mawa mwake anapita. Iye anatenga chikwama chake cha kuntchito, poganiza kuti akatha msanga akalowe masana. Anadikira nthawi yaitali, kenako anaonana ndi dokotala wachizimayi. Dokotalayo anamvetsera m'chifuwa, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kufunsa funso lija la fumbi.

"Awe, ine nchito yanga ni yo..." Sophie anayamba monga mwa chizolowezi, koma mawuwo anam'kanika kumaliza.

"Baoneseni duku," anatero a Bornwell.

Sophie anatsegula chikwama, kutulutsa duku imene ankamanga pamphuno kuntchito, n'kuikutumula kamodzi kokha. Fumbi loyera linakwera m'chipindamo n'kutera patebulo, pamapepala, ndi pa magalasi a dokotala. Dokotalayo anavula magalasiwo, kuwapukuta, n'kufunsa kuti wakhala akupuma zimenezi kwa nthawi yaitali bwanji. Atamva, anamutumiza kukajambulitsa chifuwa ndi kukapuma m'kachipangizo koyezera mpweya.

Zotsatira zake anawauza mosazungulira. Njira za mpweya zinali zitachepa, ndipo mapapo anali ndi zipsera. Mankhwala opopera m'kamwa akanathandiza kuti azipuma bwinoko, koma zimene zinawonongeka sizikanabwerera. Chachikulu chinali kuchoka m'fumbimo, osati mwezi wamawa koma tsopano. Sophie anamvetsera mpaka dokotala anamaliza. Kenako anafunsa chimene chinali pamtima pake.

"Nanga kuimba, ba dokota?"

"Muzaimba, mayo, koma pang'ono pang'ono. Vija vokoka mau kutali, siniganiza."

"Nanga sembe nenze kumwa mukaka monga bamuna, sembe sivinafike apa?"

Dokotala anapukusa mutu. Anati mkaka ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, pomwe fumbi limapita m'mapapo, ndipo ziwirizi sizikumana. Chimene chimateteza munthu ndi masiki yabwino, mphepo yodutsa, ndi kuwaza madzi asanasese.

Apa ndi pomwe Sophie anakwiya. Sanakwiyire dokotala, ngakhale a Bornwell, ngakhale a Dixon. Anakwiya ndi kabati ya amayi ake, ndi zaka zonse zimene anaimirira ndi kapu m'manja kudikira mwamuna amalize, ndi mmene anawakalipirira a Karen amene ankanena zoona. Anakwiya kuti funso loyenera anafunsidwa kangapo konse, ndipo nthawi zonse analiyankha yekha molakwika, ndi mtima woyera. Panjira yobwerera sanalire. Anangonena kuti Loweruka likubwerali ovolosi asamupatse.

Kukampani zinthu zinasuntha pang'ono, ndipo tinene mosabisa kuti zinasuntha chifukwa amene anatsokomola anali mwamuna. Zimene a Karen ananena kwa zaka zambiri n'kumatchedwa olongolola, a Bornwell anazinena sabata imodzi, anzawo a pachigayo n'kuyamba kusuzumira m'shedi ndi kugwedeza mitu. Chitseko chinayamba kutsegulidwa theka, magalimoto a akuofesi n'kusamutsidwira mbali ina. Amayi anauzidwa kuti aziwaza madzi asanasese. Kunabwera katoni ya masiki, inatha, kunakhala zii, a Karen anachita phokoso, inabweranso ina. Mkaka wokha amayi sanapatsidwe. A Karen atauzidwa kuti mkakawo suthandiza n'komwe, anayankha kuti ngati ndi wopanda ntchito, nawonso awapatse wopanda ntchitowo.

Sophie sanabwererenso m'shedi. Masiku ano ali ndi kathebulo pakhomo pake, amagulitsa tomato, anyezi ndi kapenta. M'mawa uliwonse amawaza madzi pamsewu wa kutsogolo kwake, ndipo anansi amati akuwononga madzi ogula, iye amangopitiriza. Kampope ka mankhwala kamakhala m'thumba la chitenje. Chigubu amasenza ndi Chishimba akaweruka kusukulu. Kukwaya amapitabe, koma amaima mzere wachiwiri ndi chisekese m'manja. Nyimbo amayambitsa mtsikana uja anaitola pa lole. Mtsikanayo amaimba bwino, Sophie amavomereza, ngakhale amati amathamanga. Pa mzere wautali uja Sophie amangotsegula pakamwa n'kusiya ena akoke, ndipo zimamuwawa Lamulungu lililonse.

Msana wa a Bornwell unachira, ndipo anabwerera kosenza masaka. Anawabwezera masiki yawo ndi mkaka wawo. Loweruka loyamba atabwerera, anatulutsa beseni panja, kuthiramo madzi, n'kuviika ovolosi osaikutumula. Anakhala pa kampando n'kuyamba kuchapa okha, masana dzuwa likuswa mtengo, pamsewu podutsa anthu. Amuna ena odutsa anaima n'kufunsa ngati bana Chishimba anawadyetsa mankhwala. A Bornwell anawauza kuti apitirize ulendo.

Atayanika ovolosi analowa m'nyumba. Sophie anamva kabati ikutseguka. A Bornwell anatuluka ndi kapu ija, yodzaza, n'kuiika pa kathebulo pakati pa tomato ndi anyezi.

"Ni vichani ivi?" anafunsa Sophie. "Simunamvele ba dokota? Banakamba ati susebenza."

"Ninamvela. Imwani chabe."

Sophie anaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali. Chibadwire anali asanalawepo mkaka wa kuntchito, wa atate ake kapena wa mwamuna wake. Anainyamula ndi manja awiri n'kuyamba kumwa. Pofika pakati mpweya unamuthera, ndipo anaitsitsa n'kudikira, mapewa akukwera ndi kutsika. A Bornwell anaimirira pompo, manja akudontha madzi a sopo, mpaka mkazi wawo ananyamulanso kapuyo n'kumaliza. Unali mkaka chabe.